Agogo athu anabadwa kwa mzungu wa pa esiteti ku Thondwe: mzere wa mbali imeneyi tingaupeze bwanji?

Mdzukulu_wa_Thondwe:
Ndikupereka moni kwa nonse a pa gulu lino, makamaka akuluakulu amene mumaidziwa bwino mbiri ya boma lathu la Zomba. Agogo anga aakazi, amayi awo a amayi anga, anali oyera khungu ndi a tsitsi lofewa, ndipo mudzi wonse unkadziwa kuti bambo wawo anali mzungu amene ankayang'anira esiteti ina ya fodya cha ku Thondwe. Iwo sankalola kuti nkhaniyi ikambidwe, moti mwana akangoyamba kufunsa ankamutuma kumadzi. Chaka chimene anabadwa sankachidziwa, koma ankanena kuti pamene Napolo anadutsa mu Zomba iwo anali ndi pakati pa mwana wawo woyamba. Mwezi watha, tikukonza denga la nyumba imene anatisiyira, tinatsegula bokosi lawo lachitsulo ndipo tinapezamo chithunzi cha mzungu ataima pambali pa njinga yamoto, kuseri kwake kutalembedwa zilembo ziwiri zokha ndi chaka cha 1927. Dzina lake lenileni palibe akulidziwa kwathu. Chimene chinatsala ndi dzina lachipongwe limene antchito anamupatsa, ndipo sindililemba pano. Kodi munthu angayambire pati kuti adziwe kuti mzunguyu anali yani, anachokera kuti, ndiponso ngati anasiya ana ena kwawo?

Chinamwali77:
Achimwene, mzungu wotchuka amene anali ndi minda mu Zomba ndi John Buchanan. Sindikukayika kuti ndi yemweyo kapena m'bale wake, ndipo ngati ndi choncho ndiye kuti ndinu a banja lalikulu.

Mphunzitsi_Wopuma:
A Chinamwali77, tiyeni tiwerenge zaka tisanamupatse munthu mdzukulu. John Buchanan anabwera m'dziko muno m'chaka cha 1876 ngati wosamalira minda wa mishoni ya Blantyre, ndipo atachotsedwa ntchito kumeneko m'chaka cha 1881 anakhazikika ku Zomba n'kuyamba kulima khofi ndi nzimbe. Ndi iye amene anamanga nyumba ya kazembe wa Britain m'chaka cha 1886, imene pambuyo pake inadzakhala Hotel Masongola, ndipo m'chaka cha 1889, akugwirizira udindo wa kazembe, ndi iye amene analengeza kuti dera la ku mtsinje wa Shire lili m'manja mwa Britain. Koma munthuyu anamwalira m'chaka cha 1896 ku Chinde, ali pa ulendo wobwerera kwawo. Tsono Napolo amene agogowa ankanena ndi wa mu Disembala 1946, ndipo mtsikana amene anali ndi pakati poyamba nthawi imeneyo ayenera kuti anabadwa cha pakati pa 1925 ndi 1929, zomwe zikugwirizana bwino ndi chaka chili kuseri kwa chithunzicho. Pakati pa imfa ya Buchanan ndi kubadwa kwa agogowa pali zaka pafupifupi 30, choncho dzina limenelo tilisiye.

Chimene tiyenera kukumbukira n'chakuti pofika m'ma 1920 minda yambiri ikuluikulu inali m'manja mwa makampani, ndipo azungu amene anthu ankawaona tsiku ndi tsiku pa esiteti sanali eni malo. Ambiri anali anyamata olembedwa ntchito ya uyang'aniri, ena mwa iwo asilikali opuma amene anabwera nkhondo yoyamba ya dziko lonse itatha m'chaka cha 1918, atakopeka ndi mitengo ya fodya. Mitengo itagwa chakumapeto kwa zaka zimenezo, ambiri analongedza n'kubwerera kwawo kapena kupita ku Rhodesia. Mzungu wanu, mwana wanga, ayenera kuti ali m'gulu limeneli, la anthu amene mayina awo sanalowe m'mabuku a mbiri ophunzitsidwa kusukulu.

Chinamwali77:
Ndavomera, aphunzitsi, zaka sindinaziwerenge.

Mlomwe_wa_pa_Jali:
Ine funso langa ndi losiyana. Mukumufunafuniranji munthu amene sanakufuneni? Makolo anga anawoloka kuchokera ku Mozambique pothawa nkhanza za Apwitikizi n'kudzakhala pa malo a esiteti, ndipo agogo anga aamuna ankatiuza mmene thangata ankayendera: mwezi umodzi wa msonkho wa nyumba, mwezi wina wa lendi ya malo, ndipo kapitawo akafuna ankakana kudinda tikiti kuti masiku achuluke, pamene munda wa mwini wake ukumera udzu nthawi ya dzinja. Mkazi wamasiye ngakhale mtsikana sankasiyidwa. Tsono mundiuze, bwana amene ali ndi mphamvu yothamangitsa bambo ako pamalo ndi kugwetsa nyumba yanu akakuitana kunyumba kwake, iwe mtsikana ukana bwanji? Agogo anuwo sankakhala chete popanda chifukwa. Ine ndikuona kuti kumutchula munthu wotere kuti kholo n'kunyoza mayi amene anavutika ndi mwana yekha.

NaBanda_Matawale:
Bambo a pa Jali, zimene mwanenazo zinachitikadi, ndipo palibe angazikane, koma musaweruze nyumba iliyonse ndi mlandu umodzi. Kwathu kuchimuna kulinso magazi otere, ndipo nkhani yake ndi yosiyana. Mzungu wakeyo anapita kwa amalume ake a mkaziyo, ankhoswe anakhalapo, anakhala naye zaka zambiri, ana onse anawatumiza kusukulu ndipo anawapatsa dzina lake, limene akulitchula mpaka lero. Sindikunena kuti panali kufanana mphamvu pakati pa awiriwo, chifukwa mayiyo sankaloledwa kulowa ku kalabu ya azungu kumene mwamuna wake ankapita kukacheza, ndipo alendo achizungu akabwera iye ankakhala kukhitchini ngati wantchito. Koma ana ake ankamukumbukira bambo wawo popanda chidani. Amene wafunsayu sakudziwa kuti nkhani ya kwawo ili mbali iti, ndipo n'chifukwa chake akufufuza.

Mlomwe_wa_pa_Jali:
Mayi, mzungu wa kwanuyo anasiya dzina. Uyu anasiya zilembo ziwiri. Kusiyana kwake kukuonekera pomwepo.

Kalaliki_Wakale:
Ndisiye kaye za kuweruza, ndinene kumene mapepala ali, chifukwa ndinagwirapo ntchito yofufuza zakale kwa zaka zingapo. Malo oyamba ndi National Archives, konkuno ku Zomba, imene inatsegulidwa m'chaka cha 1947. Mwayi wanu ndi wakuti mukufuna za m'ma 1920, chifukwa moto umene unatentha maofesi akuluakulu a boma ku Zomba m'chaka cha 1919 unawononga zolemba zambiri za zaka zoyambirira za utsamunda, pamene za pambuyo pake zilipo zochuluka. Mukafunse malipoti a chaka ndi chaka a bwana DC wa Zomba, mafayilo a za malo ndi a madandaulo a anthu okhala pa esiteti, komanso Gazette ya boma, mmene munkalembedwa ziphaso zosiyanasiyana ndi zidziwitso za chuma cha anthu omwalira. Mukafunsenso nyuzipepala ya Nyasaland Times ya zaka za 1925 mpaka 1930. Nyuzipepala imeneyi inayambira kwathu konkuno, ku Songani, m'chaka cha 1895, pamene R. S. Hynde anaiyambitsa ndi dzina lakuti Central African Planter, ndipo popeza inali ya alimi achizungu inkalemba za maukwati awo, imfa zawo ndi malonda a minda yawo. Azungu m'dziko lonse la Nyasaland nthawi imeneyo anali ochepa kwambiri, moti mukadziwa dzina la esiteti, zilembo ziwirizo zikhoza kukwanira kuti mutsale ndi munthu mmodzi kapena awiri. Laibulale ya Society of Malawi ku Mandala House, ku Blantyre, ilinso ndi zithunzi ndi mabuku akale okhudza alimi amenewa.

Dzina lachipongwelo musalipepute. Anthu athu ankatchula azungu m'njira yawoyawo, ndipo nthawi zina dzina lenileni limabisala mkati mwake. William Jervis Livingstone wa ku Magomero ankatchedwa Listonia, lomwe ndi dzina lake lomwe lopindidwa ndi lilime lathu, pamene John Moir anatchedwa Mandala chifukwa cha magalasi ake a m'maso. Mulitchule dzinalo mokweza kangapo, mumve ngati likumveka ngati dzina lachizungu loyamba ndi chimodzi mwa zilembo zanuzo.

Chinamwali77:
Popeza mwatchula Magomero, kodi si ku Zomba kumene kuja? Mwina esiteti yake ndi yomweyo.

WakuNamadzi:
Magomero ali m'boma la Chiradzulu, ngakhale ali pafupi ndi malire, ndipo anthu a ku Zomba mumakonda kutenga chilichonse chakale kuti n'chanu.

Mphunzitsi_Wopuma:
Nonse awiri muli ndi mbali yoona, chifukwa esiteti ya Magomero inali yaikulu maekala oposa 150,000, ndipo malo aakulu chotero sakanatsata malire a maboma amene tikuwadziwa lero. Mwini wake woyamba anali Alexander Low Bruce, amene anakwatira Agnes, mwana wa David Livingstone, ndipo pambuyo pake inkayendetsedwa ndi mwana wake Alexander Livingstone Bruce, kutanthauza mdzukulu weniweni wa Livingstone. William Jervis Livingstone anali woyang'anira chabe, ndipo anaphedwa usiku wa pa 23 Januwale 1915 pa kuukira kwa John Chilembwe. Ndatchula zimenezi kuti muone mmene mbiri imakonderera: mzere wa banja la Bruce munthu akhoza kuutsata lero kuchokera kwa agogo kufika kwa adzukulu popanda vuto, koma mayina a anthu zikwizikwi amene ankalima thonje ndi fodya pa malo omwewo analembedwa m'kaundula wa msonkho yekha, ngati analembedwa n'komwe. Komabe wofunsayu wanena za Thondwe, ndipo kumeneko kunali maesiteti angapo, choncho tisamukankhire ku Magomero.

Mdzukulu_wa_Thondwe:
Zikomo kwambiri aphunzitsi ndi a Kalaliki. Dzinalo ndalitchula mokweza monga mwanenera, koma ndi mawu a Chiyao onena za kayendedwe kake, ndipo sakufanana ndi dzina lililonse lachizungu. Kwa bambo a pa Jali, mawu anu andilasa, ndipo sindikuwatsutsa. Sindikufuna kumulemekeza munthuyu kapena kutenga dzina lake. Ana anga akandifunsa chifukwa chimene tsitsi lawo lilili chonchi ndimasowa yankho, ndipo ine ndemwe ndinakula ndikutchedwa mkaladi kusukulu popanda kudziwa kuti ndinachokera kuti.

Bizinesi_Yaphweka:
Achimwene, tinene zoona, ngati munthuyu apezeka kuti anali wa ku Britain, pasipoti ya kumeneko simungaipeze? Nanga malo a esitetiwo, adzukulu alibe gawo?

Wazamalamulo_Zomba:
Mafunso awiriwa amabwera nthawi zonse nkhani yotere ikayambika, ndipo ndi bwino kuwayankha msanga kuti munthu asawononge ndalama. Pa za unzika, lamulo lakale la Britain silinkalola mwana wobadwa kunja kwa ukwati wolembetsedwa kutenga unzika kudzera mwa bambo wake, choncho agogowa sanabadwe ndi unzika umenewo. Chilipo chilolezo chokakhala ndi kugwira ntchito ku Britain chimene nzika za mayiko a Commonwealth zimapatsidwa ngati mmodzi mwa agogo awo anabadwira kumeneko, koma chimalekezera pa agogo, pamene kwa wofunsayu mzunguyu ndi kholo la agogo ake. Kuwonjezera apo chimafuna zikalata za kubadwa zolumikiza mibadwo yonse, zimene banja lino lilibe.

Pa za malo, nkhani yake inayamba ndi zikalata zotchedwa Certificates of Claim zimene Harry Johnston, mkulu woyamba wa boma la atsamunda m'dziko muno, anayamba kupereka kwa azungu m'chaka cha 1892, zovomereza malo amene ankati anagula kwa mafumu. Zikalata zambiri zinali ndi ndime yakuti midzi imene inalipo kale isasokonezedwe, koma anthu obwera pambuyo pake, monga makolo a bambo a pa Jali, ndimeyo sinkawateteza, ndipo thangata anawagwera kwambiri iwowo. Sir Sidney Abrahams, amene boma linamutuma, atafufuza za malo m'chaka cha 1946, boma linayamba kugula malo ambiri a maesiteti n'kukhazikapo anthu, ndipo thangata anathetsedwa mwalamulo m'chaka cha 1962. Malo amene mukunenawo ayenera kuti anasintha manja kangapo chiyambire nthawi imeneyo, ndipo ngati mzunguyo anali wolembedwa ntchito, analibe ngakhale ekala imodzi yoti mdzukulu angalozepo.

Bizinesi_Yaphweka:
Ndiye kuti phindu lake palibe.

NaBanda_Matawale:
Wofunsayu sanatchule phindu, mwalitchula ndinu.

Mphunzitsi_Wopuma:
Mwana wanga, liwu lakuti mkaladi limene unkatchedwalo lili ndi mbiri yake, ndipo ikhoza kukuthandiza kumvetsa chifukwa chimene agogo ako anakulira kumudzi. Boma la atsamunda linkagawa anthu pawiri, mbadwa ndi osakhala mbadwa, ndipo msonkho, khoti, sukulu ndi ufulu wokhala pa malo zinkatsata kagawidwe kameneka. M'chaka cha 1929 khoti lalikulu ku Blantyre linaweruza mlandu wa Carr ndi Karim, pamene woweruza Haythorne Reed anagamula kuti Suleman Abdul Karim, wobadwa kwa bambo wachimwenye ndi mayi wachikuda, sanali mbadwa pamaso pa lamulo. Chigamulochi chinasokoneza akuluakulu a boma, ndipo m'nyengo yomweyo anthu obadwa kwa azungu ndi amayi achikuda anali atayamba kudzisonkhanitsa m'bungwe la Anglo-African Association, limene mtsogoleri wake wodziwika anali Henry Ascroft, n'kumapempha sukulu zawozawo ndi malipiro osiyana ndi a mbadwa. Koma amene ankalowa m'bungwe lotere anali makamaka ana ovomerezedwa ndi abambo awo, okhala ndi dzina lachizungu ndi maphunziro. Mwana wosiyidwa kwa amayi ake ankalowa m'mbumba ya amalume ake, ankavinidwa ndi anzake, ankakwatiwa pamudzi, ndipo boma linkamuwerenga ngati wina aliyense. Agogo ako anali a gulu lachiwirili, choncho usadabwe ukapanda kupeza dzina lawo m'kaundula wa kubadwa, amene nthawi imeneyo ankakakamizidwa kwa osakhala mbadwa okha.

Anganga_a_ku_Domasi:
Ndawerenga zonse mwakachetechete, ndipo ndili ndi funso limodzi kwa mdzukulu wathuyu. Mwatiuza za njinga yamoto, za zilembo ziwiri, za chaka ndi za kayendedwe ka mzunguyo, koma mayi amene anabereka agogo anuwo simunamutchule ngakhale kamodzi. Anali yani? Anali wa mudzi uti, wa mfumu iti, mwini mbumba wake anali ndani, ndipo anaikidwa manda ati? Kuno kwathu mwana ndi wa kuchikazi, ndipo inu malo amene mukukonzapo dengawo munawapeza kudzera mwa mayi ameneyo. Chithunzicho sichinadziike chokha m'bokosi. Pali munthu amene anachilandira, anachisunga pa njala ya 1949 pamene anthu ankagulitsa chilichonse kuti apeze chakudya, n'kuchisiyira mwana wake. Ine ndikanayamba ndi ameneyo, chifukwa amene akumukumbukira akali moyo ndi okalamba ngati ine, pamene mapepala a ku Archives adzakhalapobe chaka chamawa.

Mlomwe_wa_pa_Jali:
Anganga anena zimene ine ndinalephera kuzinena mofatsa.

Kalaliki_Wakale:
Anganga akunena zoona ngakhale kumbali ya mapepala. Mukadziwa dzina la mayiyo ndi mudzi wake, mudzadziwa esiteti, chifukwa midzi ya pa malo a azungu inkadziwika kuti ili pansi pa esiteti iti, ndipo mudzadziwanso mpingo woti mukafunseko. Mishoni ya Domasi inayamba m'chaka cha 1884, ndipo mipingo yakale ya CCAP ndi maparishi a Katolika amasunga mabuku a ubatizo. Mabuku a Akatolika amalemba mayina a makolo ndi a oimira mwana pa ubatizo, ndipo ndinaonapo malo amene wolemba anasiya mpata wa dzina la bambo wopanda kanthu, komanso ena amene analembapo dzina lonse. Dzina la mzunguyo likapezeka ndipo akakhala wa ku Scotland, monga analili ambiri kuno, zikalata za kubadwa, ukwati ndi imfa za kumeneko zinayamba kulembedwa ndi boma m'chaka cha 1855, ndipo zimafufuzidwa pa intaneti pa ScotlandsPeople polipira ndalama pang'ono.

Dotolo_Wamawa:
Njira ina ndi kuyezetsa DNA, koma muganizire bwino woti ayezedwe. Munthu amatenga pafupifupi theka kwa kholo lililonse, gawo limodzi mwa magawo anayi kwa agogo, ndi limodzi mwa magawo asanu ndi atatu kwa kholo la agogo. Inu ndiye kuti muli ndi pafupifupi 12.5 peresenti ya mzunguyo, pamene amayi anu ali ndi pafupifupi 25 peresenti, choncho ngati akali moyo ndipo avomera, oyenera kuyezedwa ndi iwowo, chifukwa achibale a kutsidya adzaoneka bwino mwa iwo. Kuyeza kotsata mzere wa amuna okhaokha sikungathandize pano, popeza mzunguyo anabereka mwana wamkazi ndipo chizindikiro chimenecho chimachoka kwa bambo kupita kwa mwana wamwamuna basi. Dziwaninso kuti zotsatira zake sizitchula dzina la munthu wakufa. Zimangokulumikizani ndi amoyo amene nawonso anayezetsa ku kampani yomweyo, ndipo ena mwa iwo akhoza kukhala kuti sanamvepo kuti agogo awo anasiya mwana ku Africa.

NaBanda_Matawale:
Mfundo yomalizayo ndi yofunika. Ife titapeza achibale a kutsidya, mmodzi anayankha mwachimwemwe n'kutitumizira zithunzi, koma mchemwali wake anakana kutilankhula chifukwa ankaganiza kuti tikufuna chuma. Akuluakulu amati chibale n'fupa, sichiola, koma anthu a kumeneko mwambi umenewu sanakule nawo. Kalata yoyamba ikhale yaifupi, inene za chithunzi ndi chaka, ndipo isapemphe kanthu kupatula kufunsa ngati akumuzindikira munthuyo.

Mdzukulu_wa_Thondwe:
Anganga a ku Domasi, funso lanu linandichititsa manyazi, chifukwa dzina la mayi ameneyo sindinkalidziwa, ndipo amayi anga nawonso ankangowatchula kuti anganga. Loweruka ndinakwera minibasi kupita kumudzi kukaona agogo aang'ono, mng'ono wawo wa agogo anga wa bambo wina, amene maso anasiya kuona koma mutu ukugwirabe ntchito. Anandiuza dzina la amayi awo, mudzi umene anachokera, ndi dzina la esiteti, limene ndi losiyana ndi limene ife tinkaganizira. Ananena kuti amayi awo ankagwira ntchito yosankha fodya m'shedi asanatengedwe kupita kunyumba kwa bwanayo, kuti anakhalako nyengo ziwiri za fodya, ndipo kuti anabwezedwa kwa amalume awo ndi nsalu ndi bokosi lomwelo pamene kunamveka kuti dona akubwera kuchokera kwawo. Nditafunsa ngati anapita mwa kufuna kwawo, agogowo anakhala chete kwa nthawi, kenako anati amayi awo ankasuta fodya wa mtundu uliwonse koma shedi sankafuna kuiyandikira mpaka imfa yawo. Manda awo anandilozera ndi mwana wa pakhomopo, ndipo alibe chiliza. A Kalaliki, tsopano dzina la esiteti ndili nalo, ndipo popeza dona anabwera cha m'ma 1928, mwina ukwati wawo unalembedwa mu nyuzipepala ija. Kodi ku Archives munthu wamba amafunika kalata yochokera kwina, kapena chiphaso cha unzika chikukwanira?

Kalaliki_Wakale:
Mutenge chiphaso chanu cha unzika ndi kalata yaifupi yolemba nokha yofotokoza zimene mukufufuza, ndipo muyambe mwapitako kukafunsa za malipiro ndi masiku otsegulira chipinda chowerengera, chifukwa zimenezi zimasintha. Mutengenso pensulo ndi kope. Mukayambe ndi nyuzipepala za 1927 ndi 1928, mwezi ndi mwezi, ndipo dzina la esiteti mukaliyang'ane m'kalembedwe kosiyanasiyana, popeza azungu ankalemba mayina athu mmene khutu lawo lamvera. Mawu a agogo aang'onowo, ngati iwo alola, mubwerere mukawajambule pa foni sabata ino.